Mizere yofiira ya mu Word ija si mphunzitsi

Ana ambiri masiku ano, maka amene ali ku koleji, akamati "asayimenti ija ndakonza" amatanthauza kuti mizere yofiira ya mu Word yatha. Basi. Adina pa liwu lililonse lomwe lili ndi kamzere kokhotakhota kunsi kwake, asankha chomwe kompyuta yawapatsa, font ayika Times New Roman 12, spacing 1.5 monga ananenera alekichala, nde kwa iwo ntchito yatha, kwangotsala kuyika mu flash nkupita kokapulinta. Iwe ukayamba kuwerenga ukupeza masipelo ali bwinobwino, koma mfundo ya mu ndime yachiwiri ikukangana ndi ya mu ndime yachisanu, ndipo mawu otsendera akuyankha funso lina losiyana ndi lomwe linafunsidwa. Pepala lowala, lobayinda bwino, koma chisokonezo chomwe chinali mu rafu chija chikadali momwemo, changovala suti.

Ine ndimaphunzitsa Chingerezi ndi Chichewa ku sekondale, komanso paja ukakhala mphunzitsi wa chiyankhulo abale onse amene ali ku yunivesite amakutumizira madizeteshoni awo pa WhatsApp kuti "amalume tangoonaniko pang'ono," pang'ono pakepo masamba 60. Nde izi ndimaziona mbali zonse ziwiri.

Sindikunena kuti kale zinali bwino ayi. Amene tinalemba rafu kenako nkukopera mu kope labwino tikudziwa mmene dzanja linkawawira, ndipo amene anagwiritsapo taipilaita akudziwa kuti kulakwitsa liwu limodzi kumunsi kwa tsamba kunali Tipp-Ex kapena kuyambiranso tsamba lonse. Munthu ukaganiza kuti ndime iyi ikanakhala bwino kumayambiriro unkangoti aaa zisiye, chifukwa kuisuntha kunali kulembanso zonse. Koma kukopera kuja kunali ndi phindu lina lomwe sitinkaliona: unkakakamizika kuwerenga chiganizo chilichonse cha iwe mwini pang'onopang'ono, ndipo pokopera ndi pamene unkazindikira kuti apa ndabwereza, apa sizikumveka, nkusintha dzanja likuyenda. Kompyuta inachotsa ululu wa dzanja uja, koma inachotsanso kuwerenga kokakamiza kuja, ndipo palibe amene anawauza ana kuti tsopano kuwerengako muzichita mwadala.

Microsoft Word inatuluka mu 1983, koma kamzere kofiira kotsatira munthu akutayipa kaja kanabwera mu 1995. Cut, copy ndi paste anazipanga Larry Tesler ndi anzake ku Xerox PARC cha m'ma 1970. Mwa zonsezi, kwa ine chamtengo wapatali ndi cut ndi paste, osati kamzere kofiira. Chifukwa kulemba kwenikweni kuli pa kasanjidwe ka mfundo, iti iyambe, iti itsatire, iti ichoke ngakhale ukuyikonda.

Mwana wina wa Fomu 3 analemba chimangirizo cha kuipa kodula mitengo. Ndime zinayi zoyamba zinali zomwe aliyense amalemba, kukokoloka kwa nthaka, mvula kuvuta, zoloweza za mu notsi za Geography. Kenako kumapeto kwenikweni, ngati wangokumbukira, analemba kuti agogo ake kale nkhuni ankatola kuseri kwa nyumba koma lero amayi ake amadzuka 4 koloko kupita kuphiri nkubwerako dzuwa litakwera, ndipo masiku amenewo iye amachedwa kusukulu chifukwa amatsala ndi mwana. Tili mu labu ndinamuuza kuti asankhe ndime imeneyo, Ctrl+X, apite pamwamba penipeni, Ctrl+V. Anawerenga chinunu, kenako anati "aphunzitsi, nde zinazi sizikugwirizananso." Eya, ndi zomwe ndinkafuna. Anayamba yekha kulumikiza kukokoloka kwa nthaka ndi munda wa kwawo, ndime imodzi anaichotseratu. Pa kope zimenezi sakanachita, ndipo sindikanamuuza nkomwe chifukwa ndikudziwa kuti kunali kumupatsa chibalo. Apa ndi pamene kompyuta imaposa bolopeni kutalitali, koma onani kuti Word payokha sinamuuze kuti mfundo yake yabwino yabisala kumapeto. Kwa Word ndime zonse zinali bwino, munalibe chofiira.

Ofufuza anaziyang'anapo izi. Mu 2003 Amie Goldberg, Michael Russell ndi Abigail Cook anasonkhanitsa kafukufuku 26 wa pakati pa 1992 ndi 2002, nkupeza kuti ana olemba pa kompyuta amalemba zambiri komanso zabwinoko poyerekeza ndi olemba pamanja. Mbali inayi, mu 2014 Pam Mueller ndi Daniel Oppenheimer ku America anapeza kuti ophunzira olemba notsi pa laputopu amangotayipa liwu ndi liwu zomwe lekichala akunena, ndipo pa mafunso ofuna kumvetsa ankagonja kwa olemba pamanja, amene chifukwa dzanja limachedwa amakakamizika kusankha ndi kufupikitsa. Ena atabwereza kafukufuku ameneyu sanapeze kusiyana kwakukulu chomwecho, nde tisamutenge ngati vesi. Komabe ziwirizi sizikutsutsana ayi. Kulemba notsi ndi ntchito ina, kukonza nkhani yako ndi ntchito ina. Poyamba paja kuchedwa kumathandiza, pachiwiripa kufulumira kumathandiza. Ku Sweden, komwe matabuleti anafika mpaka ku sukulu za mkaka, mu 2023 boma linayamba kubwezeretsa mabuku a mapepala ndi kulemba pamanja kwa ana ang'onoang'ono. Ife tisanafike nkomwe pomwe iwo anafika, bola tiphunzirepo.

Nkhani ya Chichewa nde ina. Word ilibe dikishonale ya Chichewa, pomwe Kiswahili ndi Chizulu zilimo. Mwana akatayipa chimangirizo tsamba lonse limafiira kuyambira mutu mpaka pansi, ndipo ena amachita mantha kuti alakwitsa. Autocorrect nayo pena imalowerera nkusintha liwu lachichewa kukhala lachizungu lomwe likufanana nalo, iwe osaona, nkukazipeza utapulinta kale. Mankhwala ake ndi osavuta, sankhani zonse ndi Ctrl+A, pitani pa Review, Language, nkuchonga pomwe akuti asayang'ane masipelo ndi galamala. Ndipo amene mumavutika ndi ŵ uja wa mu Malaŵi, tayipani U+0175 kenako Alt+X, atuluka. Koma ndikuuzeni chomwe ndimachiona, pa Chichewa pomwe makina sakuthandiza ndi pomwe ana amawerenga okha zomwe alemba. Amafunsana kuti kodi "kusukulu" timalumikiza kapena timalekanitsa, kodi "ng'ombe" kankhodolero kakhala pati, amatsegula buku. Pa Chingerezi mwana yemweyo amangodina, "there" ndi "their" zonse zadutsa poti zonse ndi mawu enieni, ndipo mawa adzalakwitsanso pomwepo chifukwa sanaphunzire kanthu, chala chokha ndi chomwe chinagwira ntchito.

Za kukopera za pa intaneti sinditaya nthawi, tonse tikuzidziwa. Ndime yayamba ndi Times New Roman, pakati yasanduka Arial, mawu ena ndi abuluu odula mzere kunsi, Chingerezi cha mwana amene dzulo amalemba "did not went" lero chikumveka ngati cha pulofesa. Mayunivesite ena amagwiritsa Turnitin, pulogalamu yogwira zokopera, ana nawo anaphunzira kusintha mawu awiri atatu pa chiganizo, ndipo chibwerereni ChatGPT kumapeto kwa 2022 mpikisanowu wafika pena. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe ndimafunira kuona njira yomwe nkhani yadutsa, osati pomwe yathera pokha.

Apa ndi pomwe pamandiwawa kwambiri. Kope la mwana limandiuza zambiri. Ndimaona pomwe anakhwatcha, liwu lomwe analiyesa kawiri, muvi womwe anajambula kuti chiganizo ichi chipite uko, pomwe inki inasintha chifukwa anapitiriza tsiku lina. Ndimadziwa pomwe anavutika nde ndimadziwa pomuthandiza. Fayilo ya Word imabwera yosalala, sukudziwa ngati anailemba sabata yathunthu kapena usiku wa dzulo, kaya anailemba ndi iyeyo kaya ndi chibwenzi chake. Chodabwitsa nchakuti zida zoonetsera njirayi zili momwemo, kungoti sitiziphunzitsa. Track Changes imaonetsa chilichonse chomwe chachotsedwa ndi chomwe chawonjezedwa. Comments amakulola kulemba m'mbali kuti "ukutanthauza chani apa?" osamukonzera. Google Docs, yomwe yakhalapo kuyambira 2006, imasunga version history, umatha kubwerera nkuona mmene nkhani inalili Lachiwiri ndi mmene inakhalira Lachisanu. Koma mu Computer Studies ana amaphunzira bold, italic, kuyika tebulo ndi mail merge, ife a ziyankhulo timaphunzitsa ndime ndi mfundo pa bolodi, ndipo awirife sitikumana. Masupavaiza ena nawo amalakwitsa mbali ina, amakonza chilichonse ndi Track Changes, wophunzira nkungodina Accept All osawerenga ndi chimodzi chomwe. Pamenepo amene waphunzira ndi supavaiza.

Tisaiwalenso kuti "kulemba pa kompyuta" sikufanana kwa aliyense. Wina ali ndi laputopu yake, amatha kusintha pakati pa usiku mmene wafunira. Wina akutayipa ndi zala ziwiri pa foni mu WPS Office, sikirini yosweka, akuona mizere isanu yokha nthawi imodzi, nde umuuze bwanji kuti ayang'ane kasanjidwe ka nkhani yonse? Wina amalemba pamanja nkukapereka pa stationery kuti amutayipire, kulipira pa tsamba. Ameneyu phindu lonse la Word silimukhudza, chifukwa kusintha ndime imodzi ndi ndalama ina, kupulintanso ndi ndalama ina, nde zomwe watayipa mtsikana wa pa shopu uja ndi zomwezo, ndi zolakwika zake zomwe. Onjezani magetsi kuzima usanadine Ctrl+S. Mphunzitsi akamapereka malikisi a "presentation" azikumbukira kuti pena akuchonga thumba la kholo.

Komanso mayeso a MANEB, JCE ndi MSCE, chimangirizo amalemba ndi bolopeni. M'chipinda cha mayeso mulibe Ctrl+Z yobwezera zomwe walakwitsa, mulibe kusuntha ndime. Mwana amene anazolowera kungoyamba kutayipa chilichonse poti akonza pambuyo amavutika, chifukwa pa pepala uyenera kudziwa komwe ukupita usanayambe. Nde pulani ya mfundo ija, timizere tisanu pambali usanalembe, sinathe ntchito ngakhale pang'ono.

Zomwe ndikuchita ndi Fomu 3 panopa ndi izi. Pulani ndi rafu yoyamba mu kope, pamanja. Tikapeza mpata mu labu, poti makompyuta ndi ochepa amakhala awiriawiri kapena atatu, amatayipa rafu ija mmene ilili, mizere yofiira titaizimitsa, nkuseva ndi dzina lake ndi nambala 1. Kenako mnzake amawerenga nkuyika ma comment awiri okha, pomwe sanamve ndi pomwe pamusangalatsa, saloledwa kukhudza sipelo. Mwini wake amayatsa Track Changes nkukonza, ndipo lamulo ndi lakuti asunthe kapena achotse ndime imodzi, olo ayikonde bwanji, nkuseva nambala 2. Masipelo timayatsa kumapeto, pa nambala 3, ndipo liwu lililonse lomwe kompyuta yamukonzera amalilemba kumbuyo kwa kope ndi dzanja lake. Pochonga ndimatsegula 1 ndi 2 pambalipambali, ndipo gawo lina la malikisi limachokera pa kusiyana kwa ziwirizi. Ana amadandaula kuti ntchito yachuluka, ndipo sakunama, yachulukadi, inenso kuchonga kwandichulukira moti pa teremu timangokwanitsa zimangirizo ziwiri zokha mwa njira imeneyi, zinazo timalemba mu kope monga kale.