Loweruka la mapulagi anayi

Dzulo madzulo amakaniko anamaliza kumanga injini ya Land Rover yanga, Series III ya petulo ya malita 2.25, yomwe yakhala pa mabuloko miyezi itatu. Maringi a mapistoni ndi atsopano, gasiketi ya hedi ndi yatsopano, mavavu nawo anakonzedwa. Chotsala chinali mapulagi basi, ndiye lero m'mamawa ndinalawirira kugalaja nditanyamula akale aja m'jumbo, poganiza kuti ndipulumutseko ndalama.

Amakaniko anatenga imodzi, n'kuipukuta pa ovololo, n'kuwerenga nambala yake: NGK BP4ES. Anapukusa mutu. "Achimwene, awa anali a injini yodwala ija. Musawabwezeremo."

Ankanena zoona. Mapulagi amenewa ndinawagula injini itayamba kudya oyilo, utsi wabuluu uli tolotolo kumbuyo. Oyenera aja ankada msanga, ndiye tinaika otentha kuti aziwotcha oyilo wofika kunsonga. Kutenthaku sikutanthauza kuti moto wake ndi waukulu, ayi. N'kuti pulagi yotere imachedwa kutaya kutentha kwake kupita mu hedi. Pa mapulagi a kampani ya NGK, nambala ikachepa ndiye kuti pulagi ndi yotentha, pomwe pa a kampani ya Champion zimatembenuka, ndipo ambiri amasokonezeka pomwepa. Tsopano injini yabwerera mphamvu. Pulagi yotentha kwambiri, galimoto ikamakoka katundu pachitunda ndi giya yotsika, nsonga yake imatha kufiira n'kuyatsa petulo nthawi isanakwane. Mapeto ake pistoni imabooka. Nditaganiza za ndalama zonse zapita mu injiniyi, mtima unachita myuu.

Kusitolo ya masipeya, mnyamata wogulitsa anandiyalira mapulagi a nsonga za chitsulo chotchedwa iridium, akuti amakhala zaka. N'zoona amakhalitsa, koma injini yanga ndi yachikale, ya kabureta ndi mapointi, ndipo masabata oyambawa ndizimasula mapulagi pafupipafupi. Ndinasankha BP5ES anayi, a mtima wa kopa, ulusi womangira mu hedi wa mamilimita 14 wotalika mamilimita 19. Ndinatsegula bokosi lililonse pamaso pake, kuona ngati zilembo zadindidwa bwino komanso ngati washala sakuvuka yekha. Achinyengo alipo ambiri masiku ano, ndipo ndinanamizidwapo kale.

Titabwerera tinayeza mpata wa kunsonga ndi feeler gauge, tizitsulo topyapyala toyezera mipata. Awiri anali bwino pa 0.8 mm, ena awiri tinawapinda pang'ono. Amakaniko anandipatsa ine kuti ndimange. "Yambani ndi zala, sipanala pambuyo. Ikagwira washala, theka la kuzungulira, basi." Mawaya tinawalondola kawiri, motsatira ndondomeko yomwe masilinda amayakira: 1-3-4-2.

Injini inalira titayesa kachitatu. Inatsokomola, kautsi pang'ono ka oyilo womangira, kenako n'kukhazikika. Ndinangoima chilili nditagwira chitseko, kumvetsera kaphokoso kaja kamene ndinakasowa kuyambira mwezi wa Meyi.

Masana tinaiyendetsa pang'onopang'ono mumsewu wa ku Domasi, osaikakamiza, uku tikusinthasintha liwiro kuti maringi akhale bwino. Chitunda cha ku Chawe chidikire kaye. Itazizira tinamasula mapulagi onse n'kuwandandalika pakatoni motsatira masilinda ake. Atatu anali ouma, nsonga zoyererako ngati phulusa. Ya silinda yachitatu inali yodera, ndi kachinyezi ka oyilo m'mbali mwa ulusi. Nkhope yanga iyenera kuti inagwa, chifukwa amakaniko anafulumira kunena kuti pamtunda wochepa chotere maringi amakhala asanagwirane ndi silinda, musade nkhawa.

Ndawakhulupirira, komabe ndalemba m'kabuku kanga nambala ya makilomita a lero ndi maonekedwe a pulagi iliyonse. Ikakwana makilomita 500 tidzasintha oyilo n'kuwamasulanso. Ndikufuna silinda yachitatuyo iume mvula isanayambe, chifukwa msewu wa kumudzi ukaterera, galimoto yonyamula feteleza wa amayi ndi yomweyi.