Rimoti ya Polo yanga inakana nditasintha batire, ndipo vuto silinali batire

Sabata yathayi ndinatsala pang'ono kutaya ndalama zambiri pa chinthu choti chinatheka mu mphindi imodzi yokha, nde zandikhudza moti ndati ndilembe pano, chifukwa ndikudziwa alipo ambiri amene alipira kale pa vuto lomweli osadziwa kuti akanatha kuthana nalo okha ataima pambali pa galimoto yawo.

Yanga ndi VW Polo ya 2012, inachokera ku Joni, anandipezera ndi achimwene anga amene amakhala komweko. Kiyi wake ndi uja wopinda, ukadina kabatani kasiliva chitsulo chija chimatumphuka chokha. Kwa miyezi ingapo rimoti imaonetseratu kuti yatopa, kale ndimatsekula galimoto ndili patali ndithu, kenaka zinafika poti mpaka ndiyandikire pa boneti, mapeto ake kudina katatu kanayi ndipomwe maindiketa aphethire. Lachisanu ndili mtauni ndinagula batire yatsopano, CR2032, kabatire kaphwatalala kaja kooneka ngati ndalama yachitsulo. Kwa amene simudziwa, manambala amenewo si dzina chabe ayi, 20 ndi kutambalala kwake mu mamilimita ndipo 32 akutanthauza kuti kukhuthala kwake ndi mamilimita 3.2. Ilipo ina CR2025 ndi ina CR2016, zonse ndi za mavoti 3 ndipo kutambalala n'kofanana koma ndi zopyapyala, nde wogulitsa akakuuzani kuti "ndi chimodzimodzi bwana" musalole, yopyapyalayo imakagwedera mkati osagunda bwino. Tengani yakaleyo mukawerenge nambala limodzi ndi wogulitsayo.

Kumene timakhala ku Area 25 msewu wolowera kunyumba wakumbika ndi mvula, nde masiku ano galimoto imagona pamalo ena olipira, pali alonda, kuyenda pansi mwina mphindi khumi. Batire ndinasinthira kunyumba madzulo galimoto ili kutaliko. Ndinatsekula kachivindikiro kakumbuyo, kuchotsa yakale, kuika yatsopano mbali yolembedwa + itayang'ana kumwamba monga inalili inzake, kutseka, kudina, kanyale kofiira n'kuyaka bwinobwino. Mtima pansi. Kiyi ndinasiya pa tebulo. Mwana wathu wamng'ono, wa zaka zitatu, anakaona kanyale kaja, ndipo mayi ake akuti anakhala nako pamkeka nthawi yonse ya nkhani za pa TV mpaka nsima kupsa, akungodina kuti kaziyaka.

Loweruka m'mawa tinali ndi ulendo wa kumudzi ku Dedza, kunali chinkhoswe cha mwana wa azakhali. Ndafika pa galimoto, dinu, zii. Dinunso, zii. Kanyale pa kiyi kakuyaka koma galimoto siikuyankha olo pang'ono. Ndinatsekula chitseko ndi chitsulo cha kiyi, kulowetsa mu ignition, galimoto inalira kamodzin'kamodzi popanda vuto. Apa mpomwe mutu unaima, kuti kiyi yemweyu akuliza galimoto koma akukana kutsekula zitseko, zikutheka bwanji?

Tinapita ku Dedza choncho, kukiya ndi dzanja. Lolemba ndinapita kwa ena ake odula makiyi, sinditchula malo. Mnyamatayo sanatsekule n'komwe kiyi uja, anangomudina kawiri amvekere bwana rimoti iyi yafufutika memory, ikufunika kupologalama ndi kompyuta, kapena mugule ina. Mtengo umene anatchula unali woti ndithira mafuta sabata yonse n'kutsalako. Sindikunena kuti onse odula makiyi ndi otero, alipo odziwa ntchito ndipo pali mavuto ena oti popanda makina awo simungachite kanthu, koma zinandiwawa kuti sanayese n'komwe chinthu chosavutacho asanatchule ndalama. Ndinati ndibweranso.

Usiku ndinawaimbira achimwene pa WhatsApp. Atamva kuti batire ndinasinthira kutali ndi galimoto, funso lawo loyamba linali loti, "kodi mphwanga, alipo amene amaseweretsa kiyiyo?" Nditawauza za mwana anati basi vuto ndi limenelo, tenga buku la galimoto lili mu kabati ya kutsogolo ija, fufuza pamene alemba za synchronising the vehicle key, kutanthauza kuyanjanitsa kiyi ndi galimoto. Bukulo lakhala mmenemo zaka zonsezi ine osalitsekula.

Zimene ndinaphunzira ndi izi, ndipo ndikufuna muzimvetse bwino chifukwa zikamveka simudzanamizidwanso. Mu kiyi mmodzi yemweyo muli zinthu ziwiri zosiyana. Choyamba ndi kachipu ka immobiliser, kamene kamauza galimoto kuti kiyi uyu ndi wake ilire. Kachipu aka sikadalira batire ija ayi, mphamvu kamaitenga ku kawaya kozungulira pamene timalowetsa kiyi paja, nchifukwa chake galimoto yanga imalira ngakhale rimoti itakana, ndipo ikanalira olo batire ndikanaichotseratu. Chachiwiri ndi rimoti yeniyeniyo yotsekula ndi kukiya zitseko, iyi ndi imene imadya batire. Nde rimotiyi siitumiza nambala imodzimodzi nthawi zonse, mukadina imatumiza nambala ina, mukadinanso ina, amati rolling code, anapanga dala kuti wakuba asajambule chizindikirocho m'malere n'kudzatsekula nacho galimoto yanu mawa. Kiyi ndi galimoto zimawerengera limodzi, ngati anthu awiri amene akusunga buku la ngongole aliyense lake. Mukadina kangapo muli kutali palibe vuto, galimoto imalolera kuti kiyi atsogoleko pang'ono. Koma kiyi akadinidwa kambirimbiri galimoto isakumva, amapita patsogolo kwambiri, nde akabwera ndi nambala yake galimoto imaona ngati ndi mlendo, imangokhala chete. Palibe chimene chafa, palibe chimene chafufutika, zangosemphana mawerengedwe basi.

Kuziyanjanitsa kwake pa Polo yanga kunali motere, monga mmene bukulo likunenera. Ndinatumphutsa chitsulo cha kiyi, kuima pafupi ndi chitseko cha dalaivala galimoto ili yokiya, kudina batani lotsekulira kamodzi, kenaka mphindi imodzi isanathe kulowetsa kiyi pa loko wa chitseko n'kutsekula ndi dzanja. Basi. Pa ma VW ena loko ameneyu amabisika ndi kachivindikiro ka pulasitiki pa chogwirira, mumayamba mwakachotsa kaye mosamala. Nditatero ndinadina batani lokiyira, ndinangomva khooo zitseko zonse, maindiketa n'kuphethira. Mlonda amene amandionerera uja mpaka anaomba m'manja. Chenjezo limodzi, magalimoto ena amene ali ndi alamu amalira mukatsekula ndi dzanja n'kuchedwa kuyatsa ignition, nde musadzidzimuke, ingolowetsani kiyi muyatse isiya.

Tsopano apa ndipemphe, musatenge njira ya Polo n'kukakakamiza pa galimoto ina iliyonse, chifukwa kampani iliyonse ili ndi kachitidwe kake. Mwachitsanzo ma Peugeot ndi ma Citroën ambiri a kiyi wolowetsa, mumayatsa ignition n'kudina batani lokiyira pompo kwa masekondi angapo, kuzimitsa, kuchotsa kiyi, zatheka. Pomwe magalimoto ambiri amene tadzaza nawo m'misewu muno, ma Vitz, ma Passo, ma Sienta, ma Axio, ma Note ochokera ku Japan aja olowera pa Dar es Salaam ndi ku Songwe, kawirikawiri mukasintha batire rimoti imangopitiriza ntchito osafuna mwambo uliwonse. Ikakana, yambani mwakayikira batire yomweyo kapena mmene mwaiikira. Vuto la ex-Japan ndi loti buku limabwera m'Chijapani kapena silibwera n'komwe, koma mabuku a Chingerezi ambiri amapezeka pa intaneti mukalemba dzina la galimoto ndi chaka chake, ndipo foni imatha kumasulira tsamba mukalijambula.

Anzanga a push start, inunso musamasiye galimoto pamsewu chifukwa batire ya kiyi yatha. Mkati mwa rimotimo muli kakiyi kachitsulo kobisika kotsekulira chitseko, ndipo pa ma Toyota ambiri mukaponda buleki n'kugunditsa rimotiyo pa batani la start, mbali ya chizindikiro cha Toyota, galimoto imaizindikira, mukadina batanilo n'kulira. Ndi kachipu komwe kaja kakugwira ntchito.

China chimene achimwene anandichenjeza, mukafunadi kugula rimoti ina musangotola iliyonse yooneka mofanana. Za magalimoto a ku Japan zimayankhula pa mafunde a cha m'ma 315 MHz pomwe za ku Ulaya ndi ku South Africa zambiri zili pa 433 MHz, nde mutha kugula yokongola bwino, kuipologalama tsiku lonse, osayankha. Ndipo potsekula kiyi samalani, musakanule ndi mpeni mwamphamvu, tizitsulo togwira batire tija timapindika msanga, komanso pa makiyi ena kachipu kaja kamakhala kapadera kakang'ono ngati njere ya mpunga, kakagwa osakaona ndiye galimoto siiliranso, pamenepo ndiye mulipiradi zenizeni. Batirenso zachinyengo zachuluka, zina zimakhala zakhalitsa padzuwa pa benchi, ngati muli ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi kaja, yezani, yatsopano imayenera kuonetsa kupitirira pang'ono mavoti 3.

Chimene chinandiopsa pambuyo pake si rimoti, ndi mwana uja. Nditawerenga m'buku momwemo ndinapeza chenjezo loti timabatire iti mwana akameza timaotcha kummero mkati mwa maola ochepa ndipo atha kufa nako. Batire yakale ija ndinali nditaisiya pa tebulo pomwepo pamene amasewera ndi kiyi, usiku wonse wa Lachisanu. Nditafika kunyumba ndinaifunafuna mtima uli m'mwamba, mayi ake anati anaisesa Loweruka m'mawa tisananyamuke n'kuitaya kudzala, tinapita limodzi ndi tochi mpaka tinaipeza. Pano makiyi a galimoto amakhala pa msomali pamwamba pa chitseko cha kuchipinda, ndipo kiyi wa sipeya ndamusinthira batire dzulo, nditaima pambali pa galimoto.