Tisanabaye midazolam

Lolemba m'mawa tinalandira bambo wina wazaka za m'ma 60 amene amamva kuthina pachifuwa akamakwera chitunda, kuti tiwajambule mitsempha ya mtima. Ndisanagwire n'komwe jakisoni, a dokotala anakoka mpando n'kuwafunsa kuti, "Bambo, tikapeza mtsempha watsekeka kwambiri, tiike stenti lero lomwe, kapena tidzayambe takambirananso?" Stenti ndi kaukonde kachitsulo kamene timasiya mumtsempha kuti ukhale wotseguka.

Anzanga ena amati uku n'kuchedwetsa ntchito. Ine amene ndimabaya midazolam sindivomereza. Mankhwalawa amaiwalitsa. Munthu amayankha bwinobwino ali chigonere, "inde" wake womveka ndithu, koma pofika madzulo sakumbukira ngakhale funso. "Inde" wotereyu sitingamudalire.

Sitigonetsa wodwala kotheratu ngati ku opaleshoni. Timangomupatsa midazolam ndi fentanyl (wochepetsa ululu) pang'ono kuti mtima ukhale m'malo, ndi lidocaine wochititsa dzanzi padzanja pamene kachubu kopita ku mtima kamalowera. Timafuna azitimva tikati agwire mpweya, komanso azitiuza pachifuwa pakayamba kupweteka.

Pa sikirini, mtsempha wa bambowa unaoneka wothina, koma maso amanama. A dokotala analowetsa kawaya koyeza mphamvu ya magazi, muyezo wotchedwa FFR, ine n'kuyambitsa adenosine, mankhwala otanula mitsempha. Nambala inaima pa 0.86. Stenti timaiganizira ikafika 0.80 kutsika m'munsi, choncho tinatulutsa zonse.

Atatsitsimuka, bambowo anakhumudwa. "Sisita, ndiye ndangobwera kudzajambulitsa?" Ndinawafotokozera kuti stenti imabwera ndi ngongole yake: aspirin ndi clopidogrel, mankhwala oletsa magazi kuundana, tsiku lililonse kwa miyezi 6 kapena kuposa, ndipo ukalekeza panjira magazi akhoza kuundana m'katimo. Kafukufuku wa ISCHEMIA, amene anasindikizidwa mu 2020, anapeza kuti kwa anthu amene matenda awo sanafike pangozi, kuthamangira kutsegula mtsempha sikunachepetse imfa poyerekeza ndi kuyamba ndi mankhwala. Anagwedeza mutu, koma nkhope inkanena zina.

Lachitatu ndinatuluka thukuta. Mayi wina wa matenda a shuga anali ndi mantha moti mtsempha wapadzanja unakanirira kachubu, osasuntha. Tinathira nitroglycerin womasula mtsempha, ine n'kuwonjezera fentanyl. Mtsempha unamasuka, koma mpweya m'magazi unatsika kufika 88 peresenti. Ndinawatukula chibwano uku ndikuitana, "Mayi, kokani mpweya kwambiri!" Naloxone, wothetsa mphamvu ya fentanyl, anali kale m'manja, mwamwayi sanafunike. Tinapeza mitsempha itatu yowonongeka. A dokotala sanaike stenti ngakhale imodzi, anati nkhaniyi akaione kaye madokotala a opaleshoni ya bypass, yopangira magazi njira yolambalala potsekeka, mayiwo ali maso ndi abale awo pambali.

Lachisanu usiku kunalibe zokoka mpando. Anabwera ndi bambo wina pa machira, mtsempha utatsekekeratu, ndipo pamenepa timalimbana kuti tiutsegule pasanathe mphindi 90 chilowereni pakhomo. Kuthamanga kwa magazi kunali kotsika, moti midazolam ndinamusiya m'kabati. Mawu atatu anayi, iwo n'kusaina dzanja likunjenjemera. Baluni yotsegulira mtsempha itafufuma n'kuphwa, magazi anadutsa, ndipo bamboyo anatsegula maso n'kundifunsa ngati wina wawaimbira akazi awo.