Mawu anga abwerera, zikomo nonse

Lamlungu lapitali ndinaimbanso pamaso pa mpingo, koyamba patatha miyezi 7. Nyimbo ziwiri zokha, koma nditatsika paguwa miyendo inkanjenjemera.

Ambiri mumangodziwa kuti ndinasiya kuoneka m'makonsati. Chinachitika n'chakuti mawu anga anatha. Ndaimba nyimbo zauzimu zaka 19, kuyambira mu kwaya ya Sande sukulu, ndipo ndinkaona ngati mmero sutopa. Pa mapemphero a usiku wonse ndinkakuwa kuti ndidzimve pamwamba pa ng'oma ndi kiyibodi, m'mawa mwake n'kulowa mu situdiyo. Mawu atayamba kusasa ndinkangoti ndi chimfine.

Dokotala wa makutu, mphuno ndi mmero analowetsa kakamera kudzera m'mphuno. Pa sikirini ndinaona timinofu tiwiri totulutsa mawu, timene timagundana kambirimbiri pa sekondi imodzi munthu akamaimba. Tonse tiwiri tinali ndi kotupa kolimba, ngati nsonga za zala za woimba gitala. N'chifukwa chake sitinkatsekana bwino, mpweya umangopulumuka. Ndinaopa opaleshoni, pokumbukira Julie Andrews, woimba wotchuka wa ku Britain, amene mawu ake oimbira anawonongeka atachitidwa opaleshoni ya mmero mu 1997. Adokotala, zikomo pondikhazika mtima pansi, kuti zotupa zoterezi nthawi zambiri zimaphwa munthu akapumitsa mawu n'kuphunzira kuwagwiritsa ntchito bwino.

Kukhala chete n'kumene kunandivuta. Ngakhale kunong'ona anandiletsa, akuti kumapanikiza mmero. Ndinkayenda ndi kope ndi cholembera. Tsiku lina mwana wanga wamng'ono, yemwe sanayambe kuwerenga, anandipempha nyimbo yogonera. Ndinangomusisita pamsana misozi ili chuchuchu. Usiku umenewo bambo ake ndi amene anaimba, ndi mawu awo osazolowerawo, ndipo anapitiriza usiku uliwonse. Bambo a ana anga, sindidzaiwala.

Abusa, munandiwerengera za Zakariya pa Luka 1, wansembe amene anakhala wosalankhula mpaka Yohane atabadwa, ndipo pakamwa pake patatseguka anayamba ndi kulemekeza Mulungu. Ndinagwira mawu amenewo zolimba.

Kwa mayi amene ankandiphunzitsa kupumira pamimba, kung'ung'udza ndisanaimbe ndi kuuzira kapaipi m'kapu ya madzi: poyamba ndinkaona ngati masewera, lero ndaona phindu lake. Anzanga a m'bandi, munadikira popanda malipiro pamene ena ankakuitanani. Wa kiyibodi anatsitsa kiyi ya nyimbo zonse mwakachetechete kuti ndisadzikakamize. Inu amene munkagula nyimbo zanga zakale, kundipempherera ndi kutumiza kangachepe, ndinu munalipira kuchipatala. Ambuye akubwezereni.

Chimbale chimene tinachisiya pakati tichimaliza, koma mosathamanga. Pakali pano ndizivomera pulogalamu imodzi pa sabata, ndipo mukandifuna lembani uthenga, chifukwa pafoni sindinaloledwe kulankhula nthawi yaitali.