Zikomo nonse, digiri ya nyenyezi ija yatheka

Abale anga a ku Mangochi kuno, uthenga wafika: kafukufuku wanga wa digiri yachiwiri wavomerezedwa. Ndisanavale gauni, ndiyambe ndathokoza.

Amayi, ndalama za usipa zomwe munkandipatsa kuti ndigule bandulo, ndi zomwe zinkakoka mafayilo ochokera ku ALMA, makina oonera zakuthambo a madishi 66 omwe ali m'chipululu cha Atacama ku Chile. Zomwe makinawa ajambula, pakatha chaka amazitsegulira aliyense kwaulere. Bandulo yokhayo ndiye inalibe chisoni. Achimwene, laputopu yanga itabedwa m'minibasi ndinafuna kungozisiya, inu n'kundibwereka yanu osanena tsiku lobweza. Aneba a sola, magetsi akathima simunanditsekerepo chitseko.

Ambiri munkafunsa kuti ndimachezera chiyani usiku wonse. Nyenyezi imabadwira mkati mwa mtambo wa mpweya ndi fumbi wozizira pafupifupi -263°C. Ikamakula imakoka mpweya, koma siwumeza wonse. Wina imaulavula mbali ziwiri zoyang'anizana msana, pa liwiro loposa makilomita 100 pa sekondi. Ine ndinkayang'ana HH 212, mpweya wotere wolavulidwa ndi nyenyezi yongobadwa kumene ya m'gulu la nyenyezi la Orion, yomwe kuwala kwake kumayenda zaka pafupifupi 1,300 kuti kutipeze.

Chomwe chinandikoka mtima ndi fumbilo. Mpweya wothamangawu ukawomba mtambo, tinjere ta fumbi timasweka, silicon, chinthu chomwe chimapezekanso mumchenga, n'kumasuka, n'kugwirana ndi okosijeni kupanga SiO. Mumtambo wabata SiO sapezeka kwenikweni, ndiye ukamuona pa sikirini, kamzere kowongoka kochokera pa nyenyezi, umadziwa kuti apa pawombana zinthu. Tinjere tomweti timakutidwanso ndi ayisi, ndipo pa ayisiyo ndi pomwe methanol, mankhwala a mtundu umodzi ndi omwe amaledzeretsa mu mowa, amapangika, n'kudzatuluka pakatentha kapena pakagundana. Kwa ine apa m'pamene pali nkhani, chifukwa mapulaneti amadzawumbidwa ndi fumbi lomweli.

Amalume, mutamva za methanol munafunsa ngati kumwambako amatcheza kachasu. Ameneyo ndi poizoni, amachititsa khungu, musamulakelake. Koma zikomo chifukwa cha njinga munkandibwereka ija popita ku boma kukasaka netiweki.

Aphunzitsi anga ondiyang'anira, munawerenga chaputala chachitatu mobwerezabwereza osatopa nane. Ambuye akudalitseni.

Loweruka masana kunyumba kuli nsima ya chambo. Bwerani msanga, ndiwo zake n'zowerengeka.