Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 12: Nkhondo ya ku Karonga m'Galaja ya ku Nottingham

Gawo lapita lija ndinakusiyani nditangochotsedwa ntchito kumalo osamalira okalamba kuja, mu February 2014. Zikomo nonse amene munandilembera, makamaka inu mayi a ku Mzimba amene munati munawerenga misozi ili chuchuchu muli pa shifiti ya usiku ku Leeds. Ambiri mwafunsa kuti kodi Agogo a Zidole aja anathera kuti. Dzinalo munawapatsa ndinu ndipo ndilisunga, poti dzina lawo lenileni ndi la banja lawo. Nkhani yawo ndakhala ndikuizemba milungu itatu, koma lero ndiifotokoza.

Mukukumbukira kuti anali aneba athu, mzungu wamasiye wa zaka zopitirira 70, ndipo tinadziwana tsiku lomwe ndinawathandiza kukoka bini. Chimene sindinakuuzeni ndi zomwe ndinaona atanditsegulira galaja yawo. Munalibe galimoto. Munali tebulo lalikulu, mafiti 6 mulitali ndi 4 mulifupi, loyalidwa nsalu yobiriwira. Pamwamba pake panali timapiri, timitengo, kamtsinje kopaka penti, ndi tiasilikali mazanamazana, kalikonse kotalika mamilimita 28, ena a chitsulo ena a pulasitiki. Aliyense anali ndi nkhope yake, mabatani ake, mfuti yake, zonse zopentedwa pamanja ndi kaburashi kosongoka ngati singano. Tiasilikali timeneti tambiri timapangidwa mu Nottingham momwemo, kumene kuli makampani ngati Warlord Games ndi Perry Miniatures. Ine ndinali nditakhala mumzindawo zaka zisanu osadziwa.

Kasewero kake nkotere. Mumasankha nkhondo yomwe inachitikadi, nkuyala malo ake monga analili, aliyense nkutenga mbali yake. Gulu likamayenda mumayeza ndi tepi, mainchesi akuti kwa oyenda pansi, ochulukirapo kwa apakavalo. Likamawombera mumaponya madayisi. Anthu akagwa ambiri mumaponyanso kuti muone ngati otsalawo alimbe mtima kapena aliyatse liwiro. Ine wokulira pa bawo madayisiwo ankandikwiyitsa, chifukwa pa bawo ukaluza waluza ndi mutu wako. Agogo anandiuza kuti dayisi ndi mvula yomwe yanyowetsa onga, ndi mthenga amene wasochera ndi kalata, ndi zonse zimene mtsogoleri wa nkhondo sangazilamulire. Tinayamba ndi Waterloo ya 1815. Ine ndinali Napoleon, iwo Wellington, ndipo Lachinayi lililonse madzulo ndinkapezeka kumeneko.

Pano ndiime kaye. Pali mkulu wina wa kugulu lathu la Amalawi amene ananena pamaso pa anthu, mayi a ana anga ali pomwepo, kuti bambo wa ana atatu wasiya kufuna ntchito akuseweretsa zidole ndi mzungu. Bambo, ndikudziwa kuti mumawerenga. Miyezi imeneyo ndinkatumiza makalata ofunsira ntchito tsiku ndi tsiku. Tulo sindinkatipeza. Foni ikalira kuchokera kumudzi mtima unkangoti phwii, podziwa kuti ndilibe choti nditumize. Inu simunagogodepo pakhomo panga ngakhale kamodzi. M'galaja muja ndi mokhamo mmene munthu ankandithirira tiyi osandifunsa za mapepala kapena za ndalama. Sindikusungirani mangawa, koma ndinafuna mudziwe.

Mu September chaka chomwecho anandiuza kuti andikonzera chinthu. Nditalowa ndinapeza tebulo lasintha. Nsalu inali yofiirira ngati dothi la chilimwe, mbali imodzi kuli nyanja yabuluu, kuli timigwalangwa ndi tinyumba taudzu. Anati, "Mwana wanga, kwanu uku. Karonga, pa 9 September 1914. Zaka 100 zakwana sabata ino."

Anali atawerenga miyezi yambiri mwakachetechete za mmene nkhondo yoyamba ya dziko lonse inamenyedwera kwathu. Anayamba ndi za sitima ya Angerezi ya pa nyanja ya Malawi, Guendolen, yomwe pa 13 August 1914, motsogozedwa ndi Captain Rhoades, inakawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pagombe ku Sphinxhaven, komwe lero ndi ku Liuli m'dziko la Tanzania. Thupi linandichita tsembwe, chifukwa mzinga wa Guendolen ndinaugwirapo ndi manja anga ku Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi, tili pa ulendo wa sukulu, ndipo sindinadziwe kuti unachita zotani. Kenako anafotokoza za Karonga. Captain Barton anatuluka ndi gulu lalikulu la Keyala (King's African Rifles, asilikali a mbali ya Angerezi) kulowera kumpoto, Ajeremani akutsika kuchokera kutsidya la Songwe, magulu awiriwo nkuphonyana m'tchire. Ajeremani anakafika pa boma pomwe panatsala anthu ochepa. A Barton atamva kulira kwa mfuti kumbuyo kwawo anatembenuka, ndipo pofika madzulo Ajeremani anali atagonja, atasiya mizinga yawo iwiri.

Anandipatsa Keyala, iwo natenga Ajeremani. Ndikuyala anthu anga ndinaona chinthu chomwe pa Waterloo panalibe. Asilikali anga anali akuda. Awonso anali akuda. Azungu anali owerengeka, mmodzi apa mmodzi apo, ataima kumbuyo. Agogo anaponya madayisi a chiwaya chawo, mfuti yolavula zipolopolo motsatizana, anayi mwa anga nagwa. Mwa chizolowezi ndinawatola kuti ndiwaike pa chivundikiro cha chitini cha mabisiketi, pomwe tinkaika akufa. Dzanja linaima m'malere. Mmodzi anali ndi nkhope yofanana ndi ya malume anga a ku Ntcheu.

Ndinafunsa kuti, "Agogo, nanga amtengatenga ali kuti?"

Sanandimve bwino. Ndinafotokoza kuti ndikunena anthu amene ankasenza zipolopolo, ufa, mahema ndi zidutswa za mizinga pamutu. Anatsegula buku la malamulo a masewerawo, navundukula masamba, kenako anati malamulowo sawawerengera. Amangotenga kuti katundu wafika.

Amangotenga kuti katundu wafika. Mawu amenewa anandikhala pakhosi ngati fupa la usipa. Ndinakhala pansi pa kabokosi ka penti nkuyamba kuwauza zomwe sindinauzepo munthu aliyense kuno. Agogo awo a bambo anga anatengedwa m'mudzi mwathu ku Ntcheu pa nkhondo ya chiwaya imeneyi. Ku Karonga kunalibeko iwo, anawatenga pambuyo pake, nkhondo italowa mkati mwa dziko lomwe Ajeremani ankalamulira, komwe lero ndi ku Tanzania. Amesenjala anafika mbandakucha. Mkazi wawo anali ndi pakati pa agogo anga. Anawamangira ufa pang'ono m'kansalu, nawaperekeza mpaka pa mtsinje, ndipo ndi pomwepo pamene anaonana komaliza. Sikunabwere kalata, sikunabwere mtembo, ngakhale munthu woti anene kuti ndinawaona akugwa pamalo akuti. Agogo anga ankati mayi awo anakalamba akusiyabe nsima ina pambali madzulo alionse. Kumanda kwathu kuli mitumbira ya onse, kupatula wa munthu ameneyo. Anthu pafupifupi 200,000 a m'dziko la Nyasaland anasenza katundu pa nkhondo imeneyo, ndipo ambiri amene sanabwerere anafa ndi njala, kamwazi ndi kutopa. John Chilembwe analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times mu November 1914 kudandaula kuti anthu osauka akufera nkhondo yosakhala yawo. Pa sukulu tinaloweza za January 1915, koma palibe anatiuza kuti magazi a ku Karonga ndi amodzi mwa zomwe zinamuwawa mtima.

Ndikulankhula, Agogo anavula magalasi nawagwira m'manja. Hita ya magetsi inkangolira pakona. Tiyi anazizira. Sanandipepese ndi mawu ambiri, ndipo ndimawathokozabe chifukwa cha zimenezo. Anangofunsa kuti, "Dzina lawo anali ndani?" Ndinawauza. Analibwereza katatu mpaka lilime lawo litaligwira. Masewera a tsiku limenelo sitinawamalize.

Patapita milungu iwiri kunabwera kaphukusi pa positi. Munali tianthu 40 tachitsulo, topanda mfuti, tosenza mabokosi ndi mitolo pamutu. Tinatipenta limodzi mpaka Khirisimasi. Ine ndinawaonetsa mtundu weniweni wa nsalu ya biriwita ndi mmene nkhata imakhalira pamutu, ndipo tinapanga nkhatazo ndi ulusi. Kenako analemba lamulo lawolawo ndi pensulo kumapeto kwa buku lija: gulu lililonse liziyenda ndi amtengatenga ake, ndipo akabalalika kapena kutopa, chiwaya chisalire, mzinga usasunthe. Titaseweranso Karonga ndi lamulo limeneli masewera anasintha. Sunkathanso kuthamangitsa asilikali mmene wafunira. Anzawo a ku kalabu ena anadandaula kuti likuchedwetsa zinthu, koma iwo anakana kulifufuta.

Ntchito ndinaipeza mu 2015, mwana wachinayi anabadwa, tinasamukira mbali ina ya mzinda, ndipo Lachinayi lathu linasanduka kamodzi pa mwezi. Manja awo anayamba kunjenjemera mpaka burashi anaisiya. Anatisiya mu 2021, nthawi imene pamaliro pankaloledwa anthu owerengeka, ndipo ine sindinali m'gulu la owerengekawo. Ndinaima kunja kwa mpanda mpaka galimoto yamaliro itadutsa.

Patatha mwezi mwana wawo wamkazi anabwera kunyumba ndi chitini cha mabisiketi chija. Anati bambo ake analemba kuti chimenechi nchanga. Munali amtengatenga 40 aja, aliyense atakulungidwa m'kapepala kofewa. Ndinawatulutsa mmodzimmodzi pa tebulo la kukhitchini, ana akuonerera. Wina, wosenza bokosi la zipolopolo, nditamutembenuza ndinapeza kunsi kwake kwalembedwa ndi penti yoyera dzina la agogo awo a bambo anga, zilembo zake zokhotakhota, molakwitsa chilembo chimodzi. Mwana wanga wachisamba anafunsa kuti ameneyu ndani. Ndinamukhazika pansi nkumuuza kuyambira pa mbandakucha uja.

Gawo likubwerali ndidzafotokoza za ulendo wanga wa ku Zomba, pamene ndinapita ndi kamunthu kameneka m'thumba kukawerenga maina a pa chipilala cha Keyala.