Kuyambira Myuda: ngongole imene Akhristu tili nayo, ndi kabwezedwe kake

Vesi ya Aroma 1:16 ambiri timaidziwa pamtima, koma timaidula isanafike kumapeto. Timanena mokweza kuti Uthenga Wabwino sutichititsa manyazi chifukwa ndi mphamvu ya Mulungu yopulumutsa aliyense wokhulupirira, kenako n'kukhala pansi. Paulo sanalekere pamenepo. Anapitiriza kuti uthengawo uyambira kwa Myuda, kenako Mhelene. Ndipo zimene analembazo ankazichita ndi mapazi ake. Akafika mumzinda, khomo loyamba kulowa linali la sunagoge: ku Antiokeya wa ku Pisidiya, ku Ikoniyo, ku Tesalonika kumene anakambirana nawo masabata atatu, ku Bereya, ku Korinto, ndi ku Efeso kumene anatha miyezi itatu akulankhula m'sunagoge. Ameneyu ndi mtumwi amene anatumidwa kwa ife anthu a mitundu ina, komabe pa Aroma 9 akuti mtima wake unkapweteka kosaleka chifukwa cha abale ake.

Ine ndimakhulupirira kuti mawu amenewa sanathe ntchito. Baibulo limene timanyamula Lamulungu linalembedwa pafupifupi lonse ndi Ayuda. Yesu anadulidwa tsiku lachisanu ndi chitatu, ankapita ku sunagoge pa Sabata, ankadya Paskha. Tinalandira kwa iwo, choncho tili nawo ngongole. Koma ngongoleyi ili ndi kabwezedwe kake, chifukwa mpingo unaibweza moipa kwa zaka mazana ambiri.

Kale nkhaniyi inkaoneka yakutali kwa munthu wa kwathu. Lero si choncho. Kuyambira kumapeto kwa 2023 achinyamata a ku Malawi akhala akupita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel, ndipo mu 2024 dziko la Malawi linatsegula ofesi ya kazembe ku Tel Aviv. Ku Johannesburg, abale athu ambiri amagwira ntchito za m'nyumba ndi za m'maluwa m'madera ngati Glenhazel ndi Sydenham kumene kumakhala Ayuda ambiri, ndipo ku Cape Town kuli Sea Point. Amene amasamalira okalamba ku London ndi ku Manchester amakumana nawonso. Palinso ulusi wina wakale: mipingo ya ku Scotland imene inafika ku Cape Maclear mu 1875 ndi ku Blantyre mu 1876 inali itayamba kale ntchito pakati pa Ayuda. Mu 1839 Mpingo wa Scotland unatuma abusa anayi, kuphatikizapo Robert Murray M'Cheyne ndi Andrew Bonar, kukaona mmene Ayuda ankakhalira ku Palestine ndi ku Ulaya, ndipo mishoni ya ku Budapest inabadwa chifukwa cha ulendowo.

Musanatsegule pakamwa, dziwani zimene mnzanuyo amakumbukira akamva dzina la Khristu. Mu 1096 magulu a anthu atasoka mtanda pazovala zawo anapha Ayuda ku Worms ndi ku Mainz ali pa ulendo wopita ku Yerusalemu. Mu 1290 Ayuda anathamangitsidwa ku England. Mu 1492 ku Spain anauzidwa kuti abatizidwe kapena asamuke. Ku Roma kunali nthawi imene ankakakamizidwa kukamvera maulaliki ofuna kuwatembenuza. Martin Luther, amene mu 1523 analemba mokoma mtima kuti Yesu anabadwa Myuda, pofika mu 1543 analemba kuti masunagoge atenthedwe. Kenako Ayuda 6 miliyoni anaphedwa mu ulamuliro wa Hitler, m'mayiko odzaza ndi matchalitchi. Ayuda ambiri a ku South Africa makolo awo anachokera ku Lithuania, kumene pafupifupi onse amene anatsalira anaphedwa. Ndiye agogo amene mumawasambitsa kapena kuwaphikirawo mwina ali ndi chithunzi pakhoma cha banja limene linatheratu.

Mnzanu akatchula zimenezi, musathamangire kunena kuti awo sanali Akhristu enieni. Kwa iye mawuwo amamveka ngati kuzemba mlandu. Vomerani kuti zinachitikadi, zinali zoipa, ndipo zinachitika m'dzina la Ambuye amene sanalamule zimenezo. Ngati mufuna chitsanzo cha mbali inayo, chilipo: Jane Haining, mayi wa ku Scotland amene ankasamalira atsikana pa mishoni ya ku Budapest, ambiri a iwo Ayuda, anakana kubwerera kwawo nkhondo itavuta. Anamangidwa mu 1944 ndipo anafera ku Auschwitz, msasa wa Hitler wophera anthu, chaka chomwecho.

Mbiri imeneyi ndi imene imasintha tanthauzo la mawu amene ife timawaona ngati okoma. Mawu oti kuluseidi, amene kwathu amatanthauza msonkhano wa chitsitsimutso pabwalo la mpira, kwa Myuda amakumbutsa 1096, chifukwa maulendo a anthu osoka mtanda aja amatchedwa dzina lomwelo. Mawu oti kutembenuka amamveka ngati kusiya mtundu wako ndi kutaya makolo. Mawu oti Khristu, Ayuda ambiri amawaona ngati dzina la mulungu wa anthu ena, pomwe ndi mawu a Chigiriki otanthauza wodzozedwa, amene m'Chiheberi ndi Mashiach. Nenani Mesiya. Dzina la Yesu m'Chiheberi ndi Yeshua. Musagwiritse ntchito mawu oti Mfarisi ngati chipongwe, chifukwa Chiyuda cha lero chotsogozedwa ndi arabi (aphunzitsi a chipembedzo cha Chiyuda) chinachokera kwa Afarisi, ndipo Paulo yemwe anadzitcha Mfarisi atakhulupirira kale. Koposa zonse, chotsani pakamwa panu mawu aja timawamva pa Lachisanu Loyera, akuti Ayuda anapha Yesu. Machitidwe 4:27 amatchula Herode, Pilato, anthu a mitundu ina ndi anthu a Israyeli pamodzi, ndipo Yesu mwini pa Yohane 10:18 anati palibe womulanda moyo, amaupereka yekha.

Dzina la Mulungu nalonso samalani nalo. Ife tinazolowera kuwerenga Yehova m'Baibulo lathu lakale la Chichewa, koma Myuda wopembedza salitchula dzinalo. Popemphera amati Adonai, pocheza amati HaShem, kutanthauza Dzinalo. Buku lililonse lokhala ndi dzina la Mulungu saliika pansi ndipo salitaya ku dzala. Baibulo lanu mukaliika pansi pafupi ndi nsapato, mwalalikira kale ulaliki wina umene simunafune.

Safunsa anadya phula. Ayuda si amodzi. Alipo a Orthodox osunga malamulo mosamalitsa, alipo a Reform omasukirapo pa malamulowo, ndipo ambiri, makamaka ku Israel, sapembedza kwenikweni ngakhale amasunga Paskha ndi banja lawo. Kutsegulira Yesaya munthu amene sakhulupirira n'komwe kuti kuli Mulungu ndi kuthira madzi m'dengu. Yambani ndi mafunso enieni, ofuna kudziwa: Paskha mumadya bwanji kwanu? Pa Yom Kippur (Tsiku la Chitetezo) mumasala? Mumayembekezera Mesiya? Ndipo mvetserani yankho mpaka kumapeto.

Ulemu umaonekera kukhitchini usanaonekere m'mawu. M'nyumba yosunga malamulo a zakudya, nyama ndi mkaka siziphikidwa pamodzi, ndipo mbale, mipeni ndi mapoto ake n'zosiyana. Mukasokoneza supuni imodzi, nenani msanga, musabise. Nkhumba sadya. Nsomba amadya yokhala ndi mamba ndi zipsepse, choncho chambo chili bwino koma mlamba ndi kampango ayi. Sabata limayamba dzuwa likamalowa Lachisanu mpaka kutada Loweruka, ndipo osunga mosamalitsa sayatsa magetsi, sayendetsa galimoto, sagwira foni. Mwamuna wa Orthodox sapatsa moni wa padzanja mkazi amene si wake, chimodzimodzinso mkazi kwa mwamuna. Si kunyada, ndi mwambo.

Tsopano za Malemba, pamene ambiri amagwera m'mbuna. Baibulo la Ayuda limatchedwa Tanakh. Lili ndi zigawo zitatu, Torah, Aneneri ndi Zolembedwa, ndipo amawerenga mabuku 24. Nkhani zake ndi zomwezo zili m'mabuku 39 a Chipangano Chakale m'Baibulo la mipingo ya Chipulotesitanti, koma dongosolo n'losiyana: lawo limathera pa Mbiri, osati pa Malaki. Musalitche lakale pamaso pawo, chifukwa kwa iwo silinakalambe. Manambala a mavesi ena amasiyananso. Yesaya 9:6 wathu ndi 9:5 kwa iwo, Mika 5:2 ndi 5:1, Yoweli 2:28 ndi 3:1, ndipo m'Masalimo ambiri mutu wa salimo umawerengedwa ngati vesi yoyamba. Njira yabwino ndi kumupempha mnzanuyo kuti atsegule Tanakh yake, awerenge yekha.

Mavesi ena amene ife timawaona ngati osatsutsika ali ndi mayankho amene arabi akhala akupereka kwa zaka mazana. Pa Yesaya 7:14 adzakuuzani kuti mawu a Chiheberi akuti almah amatanthauza mtsikana, osati kwenikweni namwali wosadziwa mwamuna. Mungayankhe kuti Ayuda amene anamasulira Yesaya m'Chigiriki Yesu asanabadwe anasankha mawu otanthauza namwali, koma kukambiranako kumatalika ndipo kumathera m'mikangano ya mawu. Pa Salimo 22:16, pamene ife timawerenga za kuboola manja ndi mapazi, Tanakh yawo imati ngati mkango. Ine sindingalangize munthu kuyambira pa mavesi awiriwa.

Yambirani pa Yesaya 52:13 mpaka kumapeto kwa chaputala 53, ndipo werengani ndime yonse, osati vesi imodzi. Yankho limene mudzamve ndi la Rashi, mphunzitsi wamkulu wa ku France amene anamwalira mu 1105: mtumiki wozunzikayo ndi mtundu wa Israyeli. Musaseke yankholi, chifukwa lili ndi maziko. Pa Yesaya 41:8 ndi 49:3 Israyeli akutchedwadi mtumiki. Koma pitirizani naye pa 49:5 ndi 6, pamene mtumikiyo akupatsidwa ntchito yobweza Yakobo kwa Mulungu. Wobweza ndi wobwezedwa angakhale munthu mmodzi? Pa 53:8 mtumiki akukanthidwa chifukwa cha kulakwa kwa anthu anga. Anthu a Yesaya ndani? Pa 53:9 m'kamwa mwake mulibe chinyengo, pomwe Yesaya yemweyo pa chaputala 6 anati amakhala pakati pa anthu a milomo yonyansa. Dziwaninso kuti Targum, kumasulira kwakale kwa Ayuda m'Chiaramu, pa 52:13 imati mtumiki wanga Mesiya. Koma musamanene zija zimayenda pa intaneti zoti arabi anachotsa chaputala 53 m'Baibulo lawo. Chili momwemo. Choona n'chakuti sichili pa mndandanda wa ndime za aneneri zowerengedwa m'sunagoge pa Sabata, monganso machaputala ena ambiri. Bodza limodzi ngati limeneli limagwetsa zonse zimene munamanga.

Funso lolemera kwambiri ndi ili: ngati Mesiya anabwera, mtendere uli kuti? Yesaya 2:4 akuti malupanga adzasulidwa kukhala makasu. Maimonides, mphunzitsi wamkulu wa Chiyuda amene anamwalira mu 1204, anaphunzitsa kuti Mesiya adzamanga Kachisi ndi kusonkhanitsa obalalika a Israyeli. Yesu sanachite zimenezi, ndipo palibe chifukwa chozembera. Onetsani kuti aneneri amajambula zithunzi ziwiri: Zekariya 9:9 akuona mfumu yofatsa itakwera bulu, Danieli 7:13 akuona wina akubwera ndi mitambo. Arabi a m'Talmud, buku lakale la ziphunzitso za Chiyuda, nawonso anaona kusiyanaku ndipo anakambirana. Ife timati ndi munthu mmodzi wobwera kawiri. Apa mwanena chikhulupiriro chanu, ndipo mnzanuyo ali ndi ufulu wochikana.

Pa nkhani ya Utatu, yambani ndi Shema, pa Deuteronomo 6:4, pemphero limene Myuda wopembedza amanena m'mawa ndi madzulo, lakuti Ambuye ndi mmodzi. Yesu atafunsidwa lamulo lalikulu pa Marko 12:29 anayambira pomwepo. Mnzanuyo adziwe kuti simupembedza milungu itatu. Pa nkhani ya chikhululukiro, Levitiko 17:11 akuti mwazi ndiwo uchita chotetezera, ndipo Kachisi anagwetsedwa ndi Aroma m'chaka cha 70 AD. Arabi amaphunzitsa kuti kulapa, pemphero ndi kuthandiza osauka zinalowa m'malo mwa nsembe, ndipo amatchula Hoseya 14. Funsani mofatsa ngati iye mwini, Yom Kippur ikatha, amadziwa kuti wakhululukidwa. Akafuna kuwerenga Chipangano Chatsopano, muyambitseni Mateyu, amene mzere wake woyamba ukutchula Davide ndi Abrahamu. Chilipo m'Chiheberi, Franz Delitzsch anachimasulira mu 1877.

Tinenenso poyera kuti Ayuda ambiri amaona kulalikiridwa ngati chipongwe, ndipo mipingo siimvana pa nkhaniyi. Mu 2015 Vatican inanena kuti Mpingo wa Katolika suchita ntchito yapadera yotembenuza Ayuda, ngakhale Mkhristu payekha amachitirabe umboni modzichepetsa. Mabungwe ena, monga CMJ (Church's Ministry among Jewish People) imene inayamba ku London mu 1809 ndi Jews for Jesus ya mu 1973, amapitiriza poyera. Ine ndili ku mbali ya olankhula, chifukwa kubisira mnzako chimene umakhulupirira kuti ndi moyo si ulemu. Koma akati basi, lekani, ndipo ubwenzi upitirire monga kale. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Musayambitse ndi ndale za ku Middle East kapena maulosi a masiku otsiriza. Munthu safuna kumva kuti mumamukonda chifukwa ali pa tchati chanu cha ulosi.

Amene muli pa ntchito, nthawi ya abwana si nthawi ya ulaliki. Musasiye timapepala pansi pa pilo, musapempherere ana a eni nyumba mobisa, musagwiritse ntchito kufooka kwa wodwala amene mukumusamalira. Ku Israel kulankhula za chikhulupiriro chanu ndi munthu wamkulu n'kololedwa, koma lamulo la mu 1977 limaletsa kupereka ndalama kapena katundu pofuna kuti munthu asinthe chipembedzo, ndipo kutembenuza mwana wosakwana zaka 18 popanda chilolezo cha makolo ndi mlandu.

Wina akakhulupirira, musathamangire naye kumtsinje kapena kumujambula n'kuika pa Facebook. Ubatizo ungamudule ku banja lake, ndipo kwa amene akufuna kusamukira ku Israel, makhoti a kumeneko anagamula kuti Myuda wolowa chipembedzo china sapatsidwa unzika kudzera m'lamulo lobwerera kwawo. Adziwe mtengo wake asanasankhe, ndipo auze makolo ake yekha, pa nthawi yake. Mpingo nawo usamuyese ndi mbale ya nkhumba kuti uone ngati wamasukadi. Pa Machitidwe 15 atumwi anagamula kuti ife a mitundu ina sitiyenera kukhala Ayuda kuti tipulumuke, ndipo pa Machitidwe 21:20 Ayuda zikwi zambiri anakhulupirira akusungabe Chilamulo. Ngati akufuna kuyatsa makandulo Lachisanu madzulo ndi kukadya Paskha kwa amayi ake, msiyeni apite.